Wopita ku Ulongwe pa mota mwezi wa Juni uno, tiuzeni za msewu ndi kuzizira

Zeka wa ku Matundo: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi maganizo okwera ku Angonia pa mota, njinga yamoto, pa tchuthi cha 25 de Junho, tsiku la ufulu wa Mozambique, ndikufuna ndikaone Ulongwe ndi midzi yozungulira makamaka mbali ya ku Domwe kwawo kwa mayi anga. Ine ndinakulira kuno ku Tete, kumtundako ndinangopitako ndili mwana pa chapa, minibasi zathu zija. Mota ndi ka 150cc. Amene mwadutsa posachedwa tiuzeni msewu uli bwanji, mafuta, kogona, ndiye kuzizira kumene anthu amanenaku ndi zoona kapena mumangotiopseza ife a kuchigwa?

Mai a Tadala: Kkkkk ati kutiopseza. Pitani ndi kamalaya kanu ka ku Matundoko mudzatiuza nokha

Bambo Phiri Moatize: Achimwene Zeka kuzizirako si nkhambakamwa ayi. Tete ali pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika ndi 200 omwe kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulongwe ali pamwamba mamita pafupifupi 1,300 ndipo phiri la Domwe lapitirira 2,000. Ndiye Juni ndi Julayi kumeneko mukadzuka m'mawa udzu wa m'dambo umakhala utayera ndi chisanu, nkhungu yatseka paliponse. Kuonjeza apo muli pa mota, mphepo ikukumenyani pachifuwa ulendo wonse, kuzizira kwake kumachita kuwirikiza.

Zeka wa ku Matundo: Epa. Ndimati ndinyamuke 4 koloko m'bandakucha kuti ndithawe matrak a ku Moatize

Chikondi wa Boxer: Ayi ayi achimwene musayerekeze. Mukanyamuka 4 koloko ndiye kuti mukafika pokwera nthawi imene kuzizira kuli pachimake komanso nkhungu isanachoke, simuona ngakhale ngolo ili patsogolo panu. Nyamukani cha m'ma 7, dzuwa likutsateni. Ine ndatsika kumeneko sabata yathayi ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Mukawoloka Revubue n'kudutsa Moatize pa N7 paja vuto ndi fumbi la malasha ndi matrak opita ku Malawi, amakupanikizani m'mbali ndipo m'mbali mwa tala mwadyeka, tayala lakutsogolo likagwera mmenemo mukuthamanga ndiye basi. Musalimbane nawo, asiyeni adutse. Mukamapita malambe amayamba kuchepa, mapiri kumayandikira, mpaka mufike pa Mussacama pomwe msewu wa ku Zobwe umapitirira kutsogolo inu n'kukhotera kumanzere pa N304. Pamenepo imani ndithu, imwani tiyi, valani zonse zimene mwanyamula chifukwa kuyambira apo ndi dziko lina. Ulendo wonse kuchokera ku Tete ndi makilomita opitirira 200, pa ka 150 musawerengere maola atatu ngati a galimoto, ikani theka la tsiku ndi zopumira zomwe.

Jojo Chingodzi: Ine sindikugwirizana nazo zonyamuka mochedwazi. 7 koloko pa Moatize pamakhala pothinana kale, ma chapa, matxopela, ana asukulu, bola kuzizidwa pang'ono kusiyana ndi kupumira fumbi kumbuyo kwa trak

Chikondi wa Boxer: Aise Jojo paja ndi tsiku la tchuthi, ana asukulu achokera kuti? Komanso fumbi umatsuka, koma zala zikauma sungagwire buleki, zimenezo si za pang'ono

Jojo Chingodzi: Ok pa tchuthipo mwandipeza kkk. Koma matrak alibe tchuthi

Bambo Phiri Moatize: Za zalazi Chikondi wanena zoona. Magolovesi apezeni enieni, osati aja a pa ntchito ya zomangamanga, mphepo imalowa. Ngati mulibe valani awiri, aubweya mkati achikopa kunja. Pachifuwa ikani nyuzipepala kapena katoni yopyapyala mkati mwa jekete, ife akale timatero ndipo zimagwira ntchito kuposa juzi ziwiri, poti chimene chimapha si kuzizira kokha koma mphepo yolowa pa zipi. Khosi kulungani ndi chitenje cha akazi anu, palibe angakusekeni, kumeneko aliyense amayenda chodzikulunga. Mukaima tenthetsani manja pafupi ndi injini koma osakhudza ekizozi. Galasi la kapasete, chisoti cha pa mota chija, lipakeni sopo pang'ono mkati n'kupukuta ndi kansalu kouma, silichita nthunzi msanga.

Zeka wa ku Matundo: Zikomo bambo, ya katoniyo sindikanaiganiza. Nanga motayo payokha imavutika ndi phiri?

Mekaniko Dausse: Imafooka pang'ono inde, musadabwe. Kumtunda mpweya ndi wopepuka ndiye kabuleta imapereka mafuta ochuluka kuposa mpweya umene ukulowa, mota imakhala ngati yalemedwa, pokwera muzitsitsa giya msanga osaikakamiza pa 5. M'mawa ikakana kulira si kuti yafa, kokani choko, ipondeni kangapo, ikalira isiyeni itenthe kaye musanayende. Tengani pulagi yapadera, chubu chimodzi, mapachi, pampu, masipanala a 10, 12, 14 ndi 17 komanso loko ya tcheni. Oyilo sinthiranitu konkuno. Koma chachikulu ndi fyuluta ya mpweya, misewu ya kumidzi nyengo ino ndi fumbi lofiira lokhalokha, ikatsekeka mota imamwa mafuta koopsa.

Chikondi wa Boxer: Zimenezo zinandichitikira pobwera ku Domwe, mota inangoyamba kutsamwa. Ndinapeza mnyamata wokonza pansi pa mtengo wa bulugamu pa kamsika kena, zida zake zonse mu chigubu chodula pakati. Anamasula kabokosi ka m'mbali, kutulutsa siponji ija itafiira ngati njerwa yootcha, anaiviika mu petulo m'kachitini ka sardinya, kuifinya ndi chikhatho osaipotokola ati ikapotokoledwa imang'ambika, kuiyanika pa mpando wa mota padzuwa, kenako madontho a oyilo n'kuifinyanso mpaka oyilo atafalikira ponse. Nditafunsa mtengo anandifunsa kaye kuti mulipira ya kuno kapena ya uko, kutanthauza metikali kapena kwacha kkkk

Mai a Tadala: Eya kwathu ndi choncho, ndalama ziwiri zonse zimayenda makamaka kufupi ndi malire. Ngakhale foni imatha kugwira netiweki ya ku Malawi muli m'munda mwanu mwenimweni, samalani isakudyereni ndalama

Zeka wa ku Matundo: Mafuta bwanji? ndimve za mabomba, malo othirira mafuta aja

Chikondi wa Boxer: Dzadzani thanki ku Moatize, mukafika ku Vila mabomba alipo mudzadzenso musanalowe kumidzi. Kumidziko ndi a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu basi, ambiri ndi abwinobwino koma ena amasakaniza, ndiye yang'anani botolo padzuwa ngati pansi pali timadontho ta madzi, nunkhizaninso ngati simukumveka parafini. Ndalama tengani zapamanja zosinthasintha, M-Pesa ndi e-Mola zimagwira pa Vila koma mkati netiweki imabwera ikafuna.

Jojo Chingodzi: Vila ndiye kuti chani, si Ulongwe yemweyo?

Agogo Ngozo: Ndi yemweyo mwanawe. Nthawi ya Apwitikizi tawuniyi inkatchedwa Vila Coutinho, dzina linasintha titalandira ufulu mu 1975 koma pakamwa pa anthu panatsala Vila. Munthu wa kumudzi sanena kuti ndikupita ku Ulongwe, amati ndapita ku Vila.

Nachisale wa ku Ulongwe: Ine ndili konkuno ndiye ndiyankheko za tawuni. Musayembekezere zazikulu a Zeka, mutha kuizungulira yonse pa mota tiyi wanu asanazizire, koma ndi tawuni yamoyo. Inakhala munisipiyo mu 2008, kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze ndiye ophunzira ochokera ku Beira, Quelimane ndi kwina amadzaza nyumba za lendi, mudzawazindikira msanga, ndi amene amavala majekete awiri masana. Malo oyenera kufikapo ndi pa merikado m'mawa dzuwa likangotuluka. Ngolo za ng'ombe zimakhala zikulowa mondondozana, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno, zadzaza matumba a kachewere osokerera pamwamba ndi udzu, kabichi, nyemba, anyezi, tomato wa kudimba. Azimayi amakhala atazungulira mbaula chitenje mpaka kumutu maso okha kuoneka, koma ukangofunsa mtengo onse amadzuka nthawi imodzi. Kachewere yemwe mumagula modula ku Tete ndi ku Beira uja ambiri amachokera kuno ndi ku Tsangano. Idyani chipisi cha pachiwaya pompo ndi kabichi ndi tsabola, kapena nyama ya nkhumba yootcha ngati mumadya, ndiye mudzamvetsa chifukwa chake ife sitifuna kusamukira kotentha kwanuko. Kogona mapensau, nyumba zogona alendo, alipo angapo, musanalipire funsani zinthu ziwiri, mabulangete angati ndipo madzi osamba amatenthetsa kapena ayi. Ine ndinalandirapo mlendo amene anagona pena pake anamupatsa bulangete limodzi lopyapyala, anafika kwathu m'mawa milomo itachita bii osatha kupereka moni bwinobwino. Funsaninso ngati mota ingalowe mkati mwa mpanda usiku.

Zeka wa ku Matundo: Alongo mwandithandiza kwambiri. Koma mtima wanga uli kumidzi, ndikazungulire kuti?

Nachisale wa ku Ulongwe: Nyengo yake ndi inoyi ndithu, ngakhale kukuzizira. Dzinja misewu imeneyi ndi matope oterera, mitsinje yodzaza, mota mumachita kuikankha. Pano kwauma, anthu akolola, chimanga chili m'nkhokwe, fodya akupita naye kogulitsa ndiye midzi ili ndi ndalama pang'ono komanso zochitika, maukwati, ziliza, chinamwali. Tsiku limodzi lipatseni mbali ya Lifidzi ndi Domwe, lina mupite ku Fonte Boa mbali ya Tsangano. Musathamange, kukongola kwake kuli m'madambo, kumtunda konse kwauma mbuu koma mukatsetsereka mumangoona kubiriwira, madimba ondondozana m'mbali mwa mtsinje, anthu ndi makheni awiriawiri akutunga pa chitsime chokumba pamanja, ena ali ndi timapampu ta petulo masiku ano. Koma pitani dzuwa litakwera chifukwa m'dambo ndi momwe chisanu chimagona, chaka china chimawaula tomato ndi kachewere usiku umodzi masamba onse kuda.

Agogo Ngozo: Poti mwati amayi anu ndi a ku Domwe, musakangojambula phiri n'kubwerera. Phiri limenelo ndi pamene Angoni a kwa Maseko anakhazikika atayendayenda kuchokera kumwera, Chikuse analamulira dera lonseli kulibe malire aliwonse. Azungu atagwirizana zawo mu 1891, Angelezi ndi Apwitikizi, mzere unadutsa pakati pa anthu amodzi, ena kukhala a Nyasaland ena a Mozambique. Ndi chifukwa chake a Gomani ali ku Ntcheu, kuno tili ndi a Zintambira, koma ngoma timavina imodzi, zibonga ndi zishango zomwezo, ndipo dzina loti Angonia likuchokera pa Angoni omwewo. Mukayenda msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu mbali ya Malawi, pa Lizulu paja, tsidya lina la tala ndi kwathu kuno. Chingoni chenicheni chinatha pakamwa, tinatengera Chichewa cha amayi athu, chinatsala mu nyimbo ndi m'ziwongo basi. Mukafika funsani mfumu ya mudzi, tchulani chiwongo cha amayi anu ndi cha agogo anu, mudzaona anthu akuyamba kukulondolerani okha.

Zeka wa ku Matundo: Agogo zikomo, izi sindinkazidziwa bwino. Chimene mayi amakamba kawirikawiri ndi zothawira ku Dedza

Agogo Ngozo: Ambiri a ife tinathawa m'ma 1980, midzi inatsala mabwinja, ena ku Dedza ena ku Ntcheu, tinabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Ndiye mukaona mudzi uli ndi mitengo ya mango ikuluikulu koma nyumba zonse zatsopano musadabwe. Ku Lifidzi kuli mishoni ya Ajezuiti ya zaka zoposa 100, ya Fonte Boa inayamba mu 1945, anthu ambiri ophunzira a kuno anadutsa m'masukulu amenewo. Kufupi ndi Lifidzi kuli Chapotera kumene ansembe awiri anatengedwa usiku n'kuphedwa mu 1985. Nkhani zimenezi akuluakulu amakamba okha akakuzolowerani, inu musayambe ndi mafunso a nkhondo tsiku loyamba.

Jojo Chingodzi: Gulu la mota lasanduka kalasi ya historia kkkk

Mai a Tadala: Iwe Jojo khala chete agogo akulankhula, ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu

Jojo Chingodzi: Pepani agogo ndimangocheza. Funso langa lenileni ndi ili, munthu ungakwere phiri la Domwe pa mota?

Chikondi wa Boxer: Mpaka m'munsi inde, pamwamba ndi miyendo ndipo pezani mnyamata wa m'mudzi akutsogolereni, mota musiye pakhomo pa munthu mutapereka moni kwa mfumu. Msewu wake samalani malo atatu, mchenga wa m'makhwawa, timilatho ta mitengo, ndi ngolo. Pa mchenga musagwire buleki yakutsogolo, giya 2, mafuta pang'onopang'ono osasiya, maso kutsogolo osati pa tayala. Pa kamlatho tsikani muone kaye, nthawi zina pakati pasoweka mtengo umodzi mpata wake wokwana tayala ndendende. Ngolo zilibe nyali kapena chonyezimira ndipo nyengo ino dzuwa limalowa msanga, ikamakwana hafu 5 kwayamba kale mdima, ndiye 4 koloko izikupezani mukubwerera. Kwinanso anyamata amatentha tchire posaka mbewa, utsi umatseka msewu, imani udutse.

Bambo Phiri Moatize: Wina amuuze za gule, mwana wa mu tawuni uyu angakachite zachilendo

Nachisale wa ku Ulongwe: Eee zoona. Nyengo ya ziliza ino mukumana nazo ndithu zilombo pamsewu, zina zikuthamanga fumbi kobo ana akubalalika. Musaimbe huta, musadutse pakati, musatulutse foni. Imani pambali, zimitsani mota, ngati muli ndi kandalama ponyani pansi osati kupereka m'manja, zikadutsa inu muzipita. Mukafuna kuonera pitani ku bwalo ndi munthu wa m'mudzimo, iye ndi amene angakufunsireni ngati kujambula kukuloledwa. Ndipo osakafunsa kuti wavala chigobayo ndani, limenelo si funso.

Jojo Chingodzi: Koma zinazi amaonjeza, msewu ndi wa boma, munthu uzichita kuzimitsa mota chifukwa cha gule? Ena amangofuna ndalama basi

Agogo Ngozo: Alipo anyamata ena osokoneza inde, amene amatuluka popanda mwambo n'kumavutitsa anthu, mafumu eni ake amawalanga amenewo. Koma Gule Wamkulu si masewera a pamsewu, ndi wa maliro ndi mizimu ya makolo, UNESCO inauvomereza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Kuima mphindi ziwiri sikunaphepo munthu.

Jojo Chingodzi: Ine ndingaime chifukwa cha mantha osati UNESCO kkkk

Mekaniko Dausse: Bola waima

Zeka wa ku Matundo: Nanga ndikafuna kudumphira ku Dedza pang'ono poti ndi pafupi? Ndamva kuti pali tinjira tambiri

Bambo Phiri Moatize: Tinjira tilipo ndipo eni dera amadutsa tsiku ndi tsiku kupita kuchigayo, kumsika, kumaliro, amadziwana. Inu ndi mlendo, mota ya nambala ya ku Tete, mukagwidwa mbali inayo mulibe chidindo mota ikhoza kutsala komweko. Mukafuna Dedza dzerani pa Calomue ndi pasipoti ndi mapepala a mota. Ndipo ngakhale osatuluka dziko, karta yoyendetsera, livrete ya mota, chiphaso cha BI ndi kapasete zikhale nanu, apolisi a transito amakhalapo pa N7 makamaka masiku a tchuthi. Mapepalawo akulungeni mu pulasitiki, nkhungu ya kumtunda imanyowetsa mpaka m'thumba.

Zeka wa ku Matundo: Dedza ndaisiya kaye, pasipoti inatha. Ndiye ndapanga chonchi, kunyamuka 7, tiyi pa Mussacama, kugona pa Vila, mawa lake Lifidzi ndi Domwe kukasaka abale, Fonte Boa ndikaona mmene thupi lilili. Alipo wofuna tiperekezane? mota ziwiri bola

Jojo Chingodzi: Ine ndilipo koma tikumane pa Mussacama, ndinyamuka nthawi yanga ija

Chikondi wa Boxer: Ukamudikire ndi moto woyatsa kale ndiye, poti ufika utauma

Mai a Tadala: A Zeka poti mukupita kwathu, pobwera mundinyamulireko kachewere thumba limodzi ndi nyemba ndowa, ndalama nditumiza pa M-Pesa

Mekaniko Dausse: Mayi thumba lonse pa ka 150 potsika mapiri aja? Mabuleki atentha asanafike pa Mussacama, komanso kulemera kukakhala kumbuyo tayala lakutsogolo limapepuka pokhota. Theka basi, alimange motsika pampando osati pa keriya, ndipo azitsika ndi giya osati kuponda buleki njira yonse

Mai a Tadala: Theka lina anyamule Jojo

Jojo Chingodzi: Ine sindinavomere kalikonse

Nachisale wa ku Ulongwe: Kachewereyo ndikagula ndine kwa mayi wina wa ku Tsangano amene sathira zing'onozing'ono pansi pa thumba, inu a Zeka mukangofika pa Vila mundiimbire, nambala ndakutumizirani ku inbox. Mubweretseko malambe ndi kapenta, kuno zikudula.